Atelala Okwatitsa Mpunga

Ndinayamba ntchito yotsuka timiphika pa malo ofufuzira mbewu mwana wanga ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Sinki yanga inali pakona pa shedi ya ukonde imene amadzalamo mpunga, ndipo ukaima pamenepo umaona shedi yonse osatembenuka n'komwe. Ine pakamwa m'polemera, moti sabata yoyamba isanathe anali atanditcha kale kuti Chete. Koma maso ndili nawo, ndipo amene ndinkawayang'anitsitsa kwambiri anali mayi ena achikulire amene aliyense ankangowaitana kuti Atelala.

Dzinali silinali longopeka. Anasoka zovala zaka khumi ndi zisanu pakhonde la sitolo ina, mpaka anthu anayamba kukonda zogula zosokasoka, makina awo n'kumangokhalira kuchita dzimbiri. Kuno anabwera kudzapalira m'munda ngati wina aliyense. Tsiku lina bwana wa nthawi imeneyo anawapeza akudula ulusi pa kolala ya mnzawo ndi kasizasi kakang'ono, mnzawoyo malaya ali m'thupi, akuseka, mutu ukugwedera, koma sizasi osamukhudza khosi. Bwanayo anawatengera ku shedi, n'kuwapatsa ngala ya mpunga kuti ayesere. Kuyambira tsiku limenelo anakhala pa kampando kachitsulo pakati pa shedi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Ntchito ya malo ano ndi kufuna mpunga wopirira mchere. Minda yambiri yothirira yayamba kuyera pamwamba ngati wina wawazapo phulusa, ndipo mpunga ukadzalidwa pamenepo umauma nsonga, kenako n'kufa usanabereke. M'shedi mwathu muli mitundu iwiri imene aliyense amaidziwa. Wina ndi wamfupi, wonunkhira, wobereka mpaka ngala kuwerama, koma ukangolawa madzi a mchere pomatha sabata wapserera. Umenewo timautcha Dona. Winawo ndi wautali, wa ndevu, maso ake ofiira ndi owerengeka, kamphepo pang'ono wagwa chagada, koma madzi a mchere umamwa ngati tiyi. Umenewo anautcha Chidakwa ndi bambo amene amayeza mchere pa sikelo n'kusungunula m'mathanki. Iwonso dzina lawo ndi Amchere.

Adokotala, amene amatsogolera ntchitoyi, anandifotokozera tsiku lina ndikupukuta mabeseni. Anati m'chibadwa cha Chidakwa muli kanthu kena kamene kamatsekereza mchere ku mizu kuti usakwere ku masamba, ndipo iwo akufuna kupeza pamene kanthuko kamakhala, akasamutsire kwa zidzukulu za Dona popanda kutengako ndevu ndi kugwaigwa kuja. Adokotalawo ndi mayi wamng'ono thupi, wa nsapato za mphira. Amchere amati ndi dokotala yekhayo amene ukamuuza kuti mutu ukupweteka amakufunsa ngati wathiriridwa.

Kuti Dona abereke ana a Chidakwa, pamafunika munthu wowakwatitsa, ndipo munthuyo anali Atelala. Duwa la mpunga limabisala m'kati mwa mankhusu, kukula kwake ngati diso la mpunga lomwelo. M'katimo muli timitu tachikasu tisanu ndi kamodzi tosunga mungu. Ukatisiya, duwalo limadzikwatira lokha, mwana n'kubadwa Dona yekhayekha. Ndiye masana, dzuwa likapendeka, Atelala ankadula nsonga ya mankhusu ndi sizasi, n'kuzula timitu tonse ndi kachitsulo kopanira, duwa lililonse palokha, mwina maluwa makumi asanu pa ngala imodzi. Akatha ankaiveka ngalayo kathumba ka pepala. M'mawa mwake dzuwa likakwera, maluwa a Chidakwa akatseguka, ankabweretsa ngala yake n'kuigwedeza m'kathumba muja.

"Atelala, mkwati wagwanso kuseri kwa thanki," Amchere ankatero akudutsa ndi ndowa.

"Mudzutseni, ndi m'bale wanu ameneyo."

"Inu mukumpatsa mwana wa eni ake munthu wotere? Simuopa Mulungu?"

"Akazi anu anakulolani inu. Mulungu anakhala chete."

Ankayankha osadzutsa mutu. Pa bondo ankayala kansalu kakuda, ndipo kamutu kalikonse akazula ankakapukutira pamenepo, akuwerenga chapansipansi: kamodzi, tiwiri, titatu, tinayi, tisanu, kotsiriza. Tsiku lonse shedi inkangomveka mawu amenewo ndi madzi a pa sinki yanga.

Ine anandizolowera pang'onopang'ono. Tsiku lina anaona kuti mkaka wandinyowetsera bulauzi, ndikuyesa kubisa ndi beseni. M'mawa mwake ndinapeza pa sinki tinsalu tiwiri tozungulira, tosokedwa pamanja, msoko wake wowongoka ngati wa makina. Nditapita kukathokoza anati, "Iwe Chete, ulipo ndi mawu? Ndimayesa unawasiya kuchipatala pobereka." Kuyambira pamenepo nthawi yopuma ndinkakhala pafupi nawo. Anandiuza kuti amuna awo anamwalira kalekale, ana analibe, amakhala okha m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya mng'ono wawo.

"Kumeneko ndimangokagonako," anatero. "Kwathu ndi pampando pano. Tsiku limene adzandichotse pano ndidzakhala ndani ine? Azakhali a ana a eni, oyang'anira zovala pachingwe mvula ikamabwera."

Ananena akuseka, koma ine sindinaseke, chifukwa ndinali nditayamba kale kuona chinthu china. Ankayandikitsa ngala kumaso kwambiri mpaka kuwakhudza mphuno. Akatero ankaitalikitsanso, n'kupukuta magalasi awo ndi mpango ngakhale anali oyera. Ndipo tsiku lina nditaima kumbuyo kwawo ndi mopu, ndinawamva akuti "kotsiriza", kachitsulo kakupukutidwa pa nsalu, koma pa nsalupo sipanagwe kanthu. Pakamwa panawerenga tisanu ndi kamodzi, pa bondo panali tisanu.

Ndikanayenera kuwauza. Ndinayesa kawiri, n'kungobwerera ku sinki. Munthu wotsuka timiphika, wa miyezi itatu pa ntchito, angauze bwanji mayi wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pampando kuti simukuona? Kwa Adokotala ndiye sindikanapita n'komwe, ndinkadziwa kuti kumeneko n'kuwachotsetsa.

Ndiye ndinachita zimene munthu wamanyazi amachita. Anthu akaweruka ine ndinkatsala kukolopa. Ndikamva geti lalira, ndinkavula timatumba tija kamodzikamodzi, n'kuyang'anitsa ngala ku dzuwa la madzulo. Kuwala kukalowa m'mankhusu, kamutu kotsala kamaoneka ngati kachitsotso m'diso. Chitsulo chawo ankachitsekera m'kabati, ndiye ine ndinkagwiritsa pini ya thewera imene inkakhala pa lamba wa siketi yanga. Poyamba ndinkapeza tiwiri kapena titatu pa ngala. Patapita milungu ndinkapeza khumi. Ndikatha ndinkabwezera kathumba, kupinda kukamwa kwake, n'kuthamangira kunyumba.

Apongozi anga, amene ankatsala ndi mwana, ankandilandirira pakhomo atamunyamula kale m'manja. "Timiphika tanuto timabereka madzulo? Mwanayu walira mpaka mawu atha." Ndinkangoti pepani amayi, n'kukhala pansi kuyamwitsa, thukuta lili kamukamu. Bambo a mwana anandifunsapo ngati kuntchito kuli wina amene ndimatsala naye. Ndinati ee, alipo, dzina lake Dona. Sanamvetse, ndipo ine ndinalephera kufotokoza.

Chidakwa ali ndi khalidwe linanso loipa. Amachita maluwa kamodzi pa chaka, masiku akayamba kufupika, ndipo maluwawo satha milungu itatu. Ukaphonya pamenepo wadikira chaka china. Milungu yonse ya m'mbuyomu Atelala ankakwatitsa Dona ndi mitundu ina. Adokotala anali atadzala Dona m'magulumagulu kuti ena akumane naye, ndipo nthawiyo itafika shedi yonse inali kalikiliki. Sabata yoyamba inayenda bwino, Atelala masana, ine madzulo. Lolemba la sabata yachiwiri mwana wanga anadzuka akupuma mobanika, nthiti zikulowa m'kati. Kuchipatala anati ndi chibayo, ndipo anatigoneka masiku asanu ndi anayi.

Sindinama, masiku oyambawo za mpunga sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono. Ndinkangoyang'ana kachifuwa kaja. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, mwana atayamba kuyamwa ndi kukoka ndolo zanga, m'pamene ndinakumbukira timatumba. Pobwerera kuntchito ndinapeza maluwa a Chidakwa atatha. Atelala anandifunsa za mwana, n'kundipatsa kachipewa ka ubweya kamene analuka. Za ngala sitinakambe.

Mbewu zimatenga mwezi kuti zikhwime, ndipo pooneka sizisiyana, kaya ndi mwana wa Chidakwa kaya ndi Dona wodzikwatira. Zimadziwika zikamera. Amadula kachidutswa ka tsamba la mbande iliyonse, n'kupita nako ku labu, kumene amakapera ndi kuyeza chibadwa chake. Makina amatulutsa chithunzi cha timizere. Mizere iwiri ndiye kuti bambo ndi mayi onse alimo. Mzere umodzi ndiye kuti ndi Dona yekha. Miyezi iwiri imeneyo ndinkatsuka timiphika ndikuwerenga masiku.

Linali Lachitatu m'mawa pamene Adokotala analowa m'shedi ndi mapepala m'manja. Anaitana Atelala ndi Amchere pa tebulo lalitali. Ine sanandiitane, koma sinki ili pomwepo, ndinangochepetsa madzi.

"Za sabata yoyamba zili bwino," anatero Adokotala. "Mbande makumi awiri ndi zinayi, zoona makumi awiri ndi ziwiri. Koma za masiku otsatirawo, pa mbande makumi asanu ndi limodzi, zoona ndi khumi ndi imodzi basi. Zinazo ndi Dona yekhayekha. Sindinaonepo zotere chibwerere kuno. Chinasintha n'chiyani sabata imeneyo?"

"Mwina mkwatibwi anazindikira kuti mwamunayo ndi wotani," anatero Amchere.

"Bambo, lero ayi."

Amchere anavula chipewa n'kuyamba kuchipindapinda. Adokotala anawafunsa ngati anasiya chitseko chotsegula kuti mphepo ilowe, kapena ngati anasuntha miphika pothira madzi. Iwo analumbira kuti sanakhudze kanthu. Ndinaona kuti nkhani ikuwagwera iwo, chifukwa Adokotala sankaganizako n'komwe za Atelala. Ndinatseka mpopi. Ndinkafuna kulankhula, koma sindinadziwe kuti ndiyambire pati, chifukwa chilichonse chimene ndikananena chinali mpeni kwa wina.

"Asiyeni Amchere," anatero Atelala. Anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo. "Chimene chinasintha ndi chimodzi. Chete kunalibe."

Adokotala anatembenuka kundiyang'ana, kenako anayang'ananso Atelala. "Chete akukhudzana bwanji ndi maluwa?"

"Maso anga anachita nkhungu, chaka chino n'chachiwiri. Dzanja likudziwa njira, koma kachitsulo kakatseka sindiona ngati kagwira kapena ayi. Mwanayu amatsala madzulo n'kumatola zimene ndasiya."

"Mumadziwa?" Ndi mawu okhawo amene ndinatulutsa.

"Iwe, ine ndine telala. Kathumba ndimakapinda kawiri ngati mpendero wa siketi. Iwe umapinda makona atatu ngati thewera. Tsiku loyamba lomwe ndinadziwa."

"Nanga osanena bwanji?" anafunsa Adokotala. Mawu awo anali otsika.

"Ndikanati ndinene zikomo kwa mwanayu, ndiye kuti ndavomera. Ndinkati ndingomaliza chaka chino. Atapita kuchipatala ndinkabwereza duwa lililonse katatu, ndimvekere mwina ndakwanitsa."

"Amayi," anatero Adokotala, "mukanandiuza sabata imeneyo ndikanakhala pampandopo ndekha. Ndine wochedwa, koma maso ndili nawo. Ndimafuna ana osachepera makumi asanu ndi limodzi kuti chaka chamawa ndidzale zidzukulu zokwanira. Ndili ndi theka. Kuli alimi amene ndinawalonjeza pamaso kuti adikire zaka zinayi, tsopano ndikawauze kuti zisanu." Anatembenukira kwa ine. "Ndipo iwe, umavula timatumba tanga ndi chiyani?"

Ndinawaonetsa pini ija. Amchere anatsokomola kuti abise kuseka, koma palibe anawathandiza.

Adokotala anatola mapepala awo n'kutuluka. Atelala anabwerera pampando wawo, n'kukhala manja ali pa bondo, chifukwa panalibe ngala yoti agwire. Ndinapita kukagwada pambali pawo. Ndinati pepani amayi, ndikanakuuzani poyamba pomwe.

"Ukanandiuza ndikanakutukwana," anatero. "Dzuka, pansipa pali matope."

Chigamulo chinabwera Lolemba. Adokotala anatiitanira ku ofesi tonse awiri. Anati sangabwezere kachitsulo m'manja mwa Atelala, ngakhale atafuna, chifukwa ntchito ya chaka chonse imapachikika pa timitu timeneto. Anawalembera kalata yopita nayo kwa dokotala wa maso, koma ananeneratu kuti ngakhale nkhunguyo itachotsedwa, pampando paja sadzabwererapo. Chimene akanatha n'kuwasunga miyezi itatu pa chaka, nyengo ya maluwa, kuti azigwedeza mungu ndi kuphunzitsa amene adzakhale pampandopo. Miyezi ina yonseyo azikhala kunyumba.

"Ndipo wodzakhalapoyo ndi uyu, ngati akufuna," anatero akundiloza ndi cholembera. "Koma Chete, kuno sitibisa zolakwika. Ukaona chinthu, unene tsiku lomwelo, ngakhale mawu atuluke opindika."

Ndinayang'ana Atelala. Iwo ankayang'ana khoma. Ndinati sindingathe, sukulu ndinalekera ku pulayimale.

"Ine ndinaipitirira? Vomera, usandichititse manyazi kawiri," anatero Atelala osandiyang'ana.

Milungu iwiri yotsatira sanandilankhule, kupatula moni. Ankabwera m'mawa, kulongedza zinthu zawo pang'onopang'ono, kapu lero, juzi mawa. Amchere anasiya nthabwala, ankangodutsa ndi ndowa mwakachetechete ngati m'chipatala. Tsiku lotsiriza panalibe mwambo uliwonse. Atelala anakana. Anangotsanzika pageti ngati masiku onse, n'kukwera njinga ya mlamu wawo imene inabwera kudzawatenga.

Ndinakawaonako kamodzi, mwana ali kumbuyo. Ndinawapeza atakhala pakhomo pa kachipinda kawo, diso limodzi lomatidwa thonje, akusenda nyemba za mng'ono wawo. Anaseweretsa mwana, anandifunsa ngati denga la shedi analikonza pamene pamadontha. Nditati ayi, anati, "Anthu amenewo," n'kupitiriza kusenda nyemba. Sindinapitenso msanga, chifukwa ndinaona kuti kubwera kwanga kumawanunkhiritsa shedi.

Anabwerera nyengo ya maluwa itayandikira, atachepa thupi, atavala magalasi atsopano okhuthala. Adokotala anali atatisiyira miphika ya Dona yoti ndiphunzirirepo Chidakwa asanayambe. Ndinakhala pampando, iwo anakoka ndowa n'kuivundikira pambali panga.

"Wagwira sizasi ngati ukudula zikhadabo za apongozi ako. Tsitsa chigongono."

Ndinatsitsa. Ndinadula nsonga, koma ndinapitirira, duwa lonse linagwa.

"Wapha mwana wa eni. China."

Chachiwiri ndinadula pang'ono kwambiri, kachitsulo kanakanika kulowa. Chachitatu ndinaphonya nsonga. Pamenepo anaika chikhatho chawo pamsana panga n'kuchisiya pomwepo.

"Ndiye vuto lako limeneli. Ukugwira mpweya. Munthu sasoka atagwira mpweya. Puma, utulutse, ukamatha kutulutsa m'pamene udule."

Masiku onse a nyengo imeneyo dzanja lawo linali pamsana panga. Akamva kuti ndauma ankandibaya ndi chala. M'mawa dzuwa likakwera ankayenda pakati pa miphika ya Chidakwa akununkhiza, n'kuitana kuti, "Watsegula, bwera nato timatumba!" Sankalakwitsa ngakhale tsiku limodzi. Amchere anayambiranso kulalata, ati tsopano ukwati ukumangitsidwa ndi anthu awiri, wina wosaona wina wosalankhula, ana ake adzakhala otani. Atelala anati adzakhala abwino kuposa a Amchere, amene bambo wawo amaona ndi kulankhula komwe koma palibe chimene chimathandiza.

Zotsatira za ku labu zinatuluka iwo atabwerera kale kunyumba. Ndinapempha Adokotala kuti andilembere pa kapepala, ndipo Loweruka ndinapita nako. Ndinawapeza akuanula zovala. Ndinawawerengera kuti pa mbande makumi anayi, zoona makumi atatu ndi imodzi.

Anaima ndi malaya a mlamu wawo m'manja. "Zisanu ndi zinayi zinakupulumuka bwanji?"

Ndinati sindikudziwa, mwina tsiku limene mwana anandigoneka mochedwa ndi mano.

"Mano a mwana alowa bwanji m'duwa? Chaka chamawa ndikufuna makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu." Anapinda malaya aja, n'kuwaika mu beseni. Kenako anati, "Ine chaka changa choyamba zinali khumi ndi ziwiri. Koma ukakawauza Amchere, usadzapondenso pano."